Tebo ya ku sikirapu pa kainjini kakang'ono: mpweya suvuta, nkhani ili pa mafuta ndi moto

Pisitoni yoyamba imene ndinaiona itafa chifukwa cha tebo yoika pamanja (tebo ndi chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke) inachokera mu injini ya 1.3, ndipo kungoiyang'ana mwachangu simukanadziwa kuti yatha ntchito. Pamwamba pake panali bwinobwino, kungoti chakumphepete kunali timaenje ting'onoting'ono ngati wina amabayapo ndi singano. Koma titangochotsa ring'i yoyamba, kachidutswa ka aluminiyamu kamene kamakhala pakati pa ring'i yoyamba ndi yachiwiri kanagwera mmanja mwanga, kukula kwake ngati chikhadabo. Galimoto imeneyo inayenda ndi tebo masabata awiri basi. Mwini wake anali munthu waluso ndithu, manifodi ya ekizozi anawotcherera bwino, mapaipi onse aukhondo, tebo ikulira mokoma, koma mafuta ndi taiming'i (nthawi imene pulagi imayatsa moto) anazisiya mmene zinabwerera ku fakitale. Zinandiwawa chifukwa ntchito yonse yovuta ya manja anali ataigwira kale, chinamusowa ndi chinthu chosaoneka ndi maso.

Ndiye tisanapite patali tigwirizane kaye apa. Kukankhira mpweya wambiri mu injini ndi gawo losavuta, zitsulo zake zili mbwee mmagalimoto akufa ndipo zambiri zikadali zamoyo. Chimene chimapha mainjini ndi mafuta ochepa, moto wofulumira, ndi kutentha.

Injini ya petulo kwenikweni ndi pampu ya mpweya. Pisitoni ikamatsika imasiya malo, ndiye mpweya wakunja umalowa wokha pokankhidwa ndi kulemera kwa mlengalenga, kumene kuli pafupifupi 1 bar kapena 14.7 psi mukakhala kumunsi kufupi ndi nyanja yamchere, kumapiri kumacheperako. Injini ya 1.3 imakoka malita 1.3 a mpweya pakuzungulira kuwiri kulikonse, osaposa apo, nthawi zambiri imapereweranso. Mphamvu imachokera mu petulo, koma petulo sangapse popanda mpweya, amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta tikayeza kulemera kwake. Nchifukwa chake kungothira mafuta ambiri sikuthandiza, galimoto imangofuka utsi wakuda. Njira yake ndi kupanikiza mpweya kuti mu silinda yomweyo mulowe wochuluka, kenako nkuwonjezera mafuta molingana. Kupanikizika kumeneko ndiye busiti. Busiti ya 0.5 bar, imene ili ngati 7 psi, papepala imatanthauza kuti mwawonjezera theka pa mpweya umene umalowa kale, koma pamsewu simungapeze theka lonselo chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukatentha umapepuka.

Za kutenthazi musazitenge mwachibwana. Munthu amene anapopapo tayala la njinga akudziwa mmene pampu imatenthera kumunsi kwake. Mpweya wa madigiri 30 ukadutsa mu tebo yabwinobwino pa 0.5 bar umatuluka uli cha mma 80, ndipo tebo ikakhala yosayenera injiniyo umaposa pamenepo. Mpweya wotenthawo ukulowa mu injini imene kompuresheni yake ndi 10 kwa 1 kapena chapompo, monga mmene alili mainjini ang'onoang'ono ambiri opanda tebo, pamene mainjini akale obadwa ndi tebo ankawapanga cha mma 8 kapena 8.5 kwa 1 dala. Pulagi ikayatsa, moto umayenera kuyenda mwadongosolo kuchoka pakati kupita mmbali. Koma kutentha ndi kupanikizika zikachuluka, mafuta amene ali kumphepete saudikira motowo, amaphulika okha nthawi imodzi, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati hamala. Kumamveka ngati timiyala tikugogoda mchitini. Tikamati injini yanoka timakhala tikunena maliro ake, koma kugogoda ndikunena panoku ndi matenda amene amabweretsa malirowo, ndipo pa busiti kutha kuswa pisitoni mmasekondi ochepa chabe.

Olo makampani akuluakulu anapunthwapo pomwepa. Nzeru ya tebo ndi yakale, Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa patent yake mu 1905, koma mmagalimoto ogulitsidwa kwa anthu wamba inadzalowa mu 1962 ku America, mu Chevrolet Corvair ndi Oldsmobile Jetfire. Jetfire ija anaisiyira kompuresheni ya 10.25 kwa 1, ndiye kuti isamagogode pa busiti ya 5 psi yokha anachita kuiikira kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol oti azipoperedwa mu mpweya, madziwo akatha busiti inkadulidwa. Inapangidwa zaka ziwiri zokha, 1962 ndi 1963. Ngati mainjiniya okhala ndi zipangizo zonse anavutika ndi kompuresheni yokwera, ife a zitsulo zotola tiyenera kusamala kuposa pamenepo.

Tsono chokankhira mpweya chilipo cha mitundu iwiri, tebo ndi supachaja. Koma ndichotse kaye chachitatu chimene chimanamiza anthu ambiri, timafani ta magetsi toika mu paipi ya mpweya tija, kaya fani ya hita, kaya chouzira masamba. Sizigwira. Injini ya 1.3 pa 6000 rpm imafuna malita pafupifupi 3900 a mpweya pa mphindi, ndipo kupanikiza mpweya wochuluka chonchi kufika 0.5 bar kumadya mphamvu ya makilowati 4 kapena 5, pa magetsi a 12V ndiye kuti ma amp cha mma 400, pamene olitaneta ya galimoto yaing'ono imapereka 70 kapena 90. Audi itaika chopopera mpweya cha magetsi mu SQ7 mu 2016 inachita kupanga magetsi apadera a 48V. Kafani kaja pa liwiro lalikulu kamangotsekereza njira ya mpweya, ndipo kakathyoka zipapiko zake zimathera mu injini.

Supachaja imayendetsedwa ndi lamba kuchokera pa kirankishafuti. Zambiri zimene mungazipeze ku sikirapu ndi za mtundu wa Roots, nzeru ya abale awiri Philander ndi Francis Roots ya mu 1860, mkati muli zitsulo ziwiri zolumana zimene zimatunga mpweya mbali ina nkukautaya mbali ina. Pali Eaton M45 ya mu Mini Cooper S yoyamba ya BMW ija ndi ma Mercedes ena olembedwa Kompressor, pali SC12 ya pa injini ya Toyota 4A-GZE, SC14 ya mu Previa, komanso tating'ono ta Aisin, AMR300 ndi AMR500, tochokera mu timagalimoto ta Subaru ta 660cc. Ubwino wake masamu ake ndi oonekeratu. AMR500 imatunga 500cc pakuzungulira kumodzi, injini ya 1.3 imameza 650cc pakuzungulira kumodzi, ndiye kuti mupeze 0.5 bar mukufuna kukankha 975cc, kutanthauza kuti supachaja izungulire pafupifupi kawiri pamene injini yazungulira kamodzi, pule yake ikhale theka la pule ya pa kiranki. Busiti imabwera pompopompo mukangoponda, sikufunika kukhudza ekizozi, zambiri zili ndi oyilo wakewake mkati. Kuipa kwake imadya mphamvu ya injini yomweyo, imatenthetsa mpweya kuposa tebo, ndipo buraketi yake ndi mutu waukulu, mapule akapanda kuyang'anizana ndendende lamba amangovuka kapena kutha mbali imodzi, ndipo buraketi yopyapyala imapindika lamba akakoka. Imafunanso valavu yolambalalitsa mpweya pamene simukuponda, apo ayi izingolimbana ndi khomo la mpweya lotseka nkumatentha pachabe.

Ine ndimakonda tebo, ndipo zotsalazi ndikamba kwambiri za iyo. Tebo ndi timawilo tiwiri ta zipapiko pa shafuti imodzi, kamodzi kamazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi, kanzake kamapopa mpweya. Shafuti imeneyo imazungulira kupitirira 100,000 rpm, timatebo ting'onoting'ono timadutsa ndi 200,000 yomwe, ndipo mmatebo ambiri imayandama pa oyilo basi.

Kusankha saizi ndi pamene mtima umanamiza munthu. Aliyense akafika pa mulu wa zitsulo maso amathamangira chitebo cha lole, koma utsi wa 1.3 sungachizunguze, busiti idzabwera injini itatsala pang'ono kufika pofiira, mwinanso osabwera nkomwe. Kochepetsetsa nakonso nkolakwika, katebo ka galimoto za ku Japan za 660cc zija, zimene mphamvu yake imathera pa mahosipawa 64, kamakwana pa injini ya 800cc kapena 1.0, koma pa 1.3 kamadzuka msanga kenako nkubanika, kumangotulutsa mpweya wamoto ndi kutsekereza utsi. Njira yosavuta ndi kufunsa kuti galimoto imene tebo yachokayo inali ndi mphamvu yanji, ndipo mphamvuyo ikhale kufupi ndi imene mukufuna kufika. Ngati 1.3 yanu ili ndi mahosipawa cha mma 85 ndipo mukulinga 115 kapena 120, funani tebo ya injini ya mphamvu zoterozo. K03 ya pa 1.8T ya Volkswagen ndi Audi kapena TD04 ya Mitsubishi imene imapezeka mu Subaru, Volvo ndi Saab zimakhala bwino pa 1.5 ndi 1.6, pa 1.3 zimachedwerako pang'ono. Matebo a dizilo ndi amene ali ambiri, ndipo a wastegate wamba (kakhomo kolambalalitsa utsi) monga Garrett GT15 anthu amawagwiritsa ntchito, koma a VNT, aja okhala ndi timapiko tosuntha mbali ya utsi, asiyeni. Utsi wa petulo umafika madigiri 900 ndi kuposa, wa dizilo sufika kumeneko, timapikoto timakakamira, ndipo tikakakamira totseka busiti imangokwera popanda choiletsa.

Mukaipeza igwireni mmanja mofatsa, musachite manyazi kukhala nayo mphindi khumi. Gwirani nati ya kawilo ka mpweya nkugwedeza mmbali, kusewera pang'ono nkwabwinobwino chifukwa mulibe oyilo, bola zipapiko zisakhudze khoma. Kenako kokani ndi kukankha motsata shafuti, uku ndiye kusamamveke kusewera. Zunguzani ndi chala, iyende myaa osakhulana. Unikani ndi tochi nsonga za zipapiko ngati zili zobenthuka, ndiponso pakhoma ngati pali mizere yowala yosonyeza kuti zinakhudzapo. Mbali ya utsi yang'anani ming'alu pa kabowo ka wastegate. Pobowo lotulukira oyilo mukaona makala olimba akuda, dziwani kuti inkazimitsidwa ili yamoto kapena oyilo sankasinthidwa. Ndipo funsani chimene chinapha galimotoyo, yogundidwa kumbuyo ndi nkhani yabwino, yofa injini ndiye kuti tizitsulo tinadutsa mu oyilo yemweyo amene ankalowa mu tebo. Musachoke ndi tebo yokha, tengani fulanji yake, kachidutswa ka paipi ya ekizozi, mapaipi a oyilo ndi mabawuti ake obowola aja, chifukwa tinthu timeneti ndi timene timasowetsa mtendere pambuyo pake.

Injini yanuyo nayo iyezeni kaye kompuresheni, masilinda onse asasiyane kupitirira 10 peresenti. Yodya oyilo kale kapena yotentha pachitunda tebo singaichiritse, ingoimaliza.

Manifodi ya ekizozi yosavuta ndi ya chipika, paipi imodzi yonenepa yopingasa, timapaipi tifupitifupi tochokera mmasilinda tikulowamo, fulanji ya tebo pakati. Siyokongola koma imalimba. Gwiritsani ntchito paipi yachitsulo yochindikala, fulanji ya mamilimita 10 kapena 12, ndipo powotcherera imangeni ndi mabawuti pa chitsulo cholemera kapena pa hedi yakufa kuti isapindike, mukamaliza mukaisalalitse. Paipi ya galavanaizi ayi, utsi wa zinki powotcherera umadwalitsa. Tebo ndi yolemera ndipo injini imanjenjemera, ndiye ipatseni buraketi yochokera pa buloko, apo ayi manifodi idzang'aluka pomwe munawotcherera. Chilichonse cha pulasitiki, labala kapena waya chimene chili pafupi chisunthidwe kapena chitchingidwe ndi lata, makamaka mapaipi a mafuta ndi a mabuleki.

Za oyilo ndikhalapo pang'ono chifukwa matebo abwinobwino ambiri amatayidwa pa mlandu umene si wawo. Oyilo wolowa mumatenga poika kasiwichi ka oil pressure, mumaikapo T, nkuyendetsa paipi yachitsulo kapena yolukidwa ndi waya kufika pamwamba pa tebo. Apa palibe chovuta, kungoti tebo ya ball bearing imafuna kochepetsera oyilo. Nkhani ili potuluka. Oyilo akachoka pa shafuti amakhala wathovu ndipo palibe chomukankha, amatsika ndi kulemera kwake basi, ndiye paipi yotulukira ikhale yonenepa, mamilimita 16 mkati kapena kuposa, yotsetsereka njira yonse popanda pokwera olo pamodzi, ndipo ikalowe mu sampu pamwamba pa pomwe oyilo amalekeza. Ndinaonapo galimoto ikufuka utsi wabuluu wodzaza msewu, mwini wake atasintha kale matebo awiri, ndipo vuto linali lakuti paipi yobwerera anailumikiza pa bawuti yokhetsera oyilo pansi pa sampu. Oyilo analibe kolowera, amangodzaza mu tebo nkutulukira ku ekizozi. Titabowola sampu chakumwamba utsi unatha wokha mafuta otsalira mu paipi atapsa. Sampu muichotse pobowola, tiziphuthu tachitsulo tisatsalire mkati. Ndipo musanalize koyamba thirani oyilo mu tebo, zunguzani injini mapulagi atazulidwa mawaya mpaka oyilo atuluke kumunsi.

Wastegate ndi kakhomo kamene kamatsegula kuti utsi wina ulambalale tebo busiti ikafika pomwe mukufuna, ndipo chimene chimalamula ndi sipuling'i ya mu kachitini kali pambali kaja. Osangoganizira kuti katsegula pa zingati. Tengani pampu ya njinga ndi geji, popani pang'onopang'ono mu kachitiniko, onani nambala imene kandodo kayambire kusuntha. Ambiri a dizilo amatsegula mochedwa, ena cha ku 1 bar, ndipo busiti imeneyo pa injini ya kompuresheni 10 kwa 1 ndi yoopsa. Pezani kofewa kotsegula pa 0.3 kapena 0.4 bar, muyambire pamenepo. Kapaipi kopita ku kachitiniko kamangeni zolimba mbali zonse, kakavuka wastegate siitseguka ndipo simudziwa mpaka geji itakuuzani, nchifukwa chake geji ya busiti iyenera kukhala pamaso panu.

Intercooler ndi redieta ya mpweya, ndipo za mmapikapu ndi timagalimoto ta dizilo zimakwana bwino. Itsukeni mkati mobwerezabwereza mpaka zotuluka ziyere, chifukwa tebo ya galimoto imeneyo ikakhala kuti inasweka tizidutswa timabisala mmenemo, iumitseni, muipope mpweya mmadzi kuona ngati ikutuluka thovu. Ikhale pomwe mphepo imaomba. Mapaipi ake akhale ndi kamlomo kotukuka kumapeto kuti mahosi asamavuke. Pamafunikanso valavu yotaya busiti mukachotsa phazi, ya pulasitiki ya Bosch ya mmagalimoto a 1.8T imagwira ntchito bwino lomwe. Ngati injini yanu imayeza mpweya ndi sensa ya MAF, mpweya wotayidwawo ubwerere kutsogolo kwa tebo, osautayira kunja pofuna kaphokoso kaja, chifukwa kompyuta inauwerenga kale ndipo ithira mafuta a mpweya umene kulibe.

Tsopano tafika pamene pisitoni ija inafera.

Kompyuta ya injini yopanda tebo siidziwa kuti padziko pali busiti. Zambiri zimayeza ndi sensa ya MAP imene imathera cha pa 1 bar, ndiye mpweya ukapitirira apo sensa imangoti ndafika pamapeto, kompyuta nkumapereka mafuta a mpweya wamba kapena kudula injini. Mpweya wachuluka, mafuta ndi omwe aja, kuyaka kumakhala kowuma ndi kotentha zedi. Pa busiti simufuna 14.7 ija, mumafuna cha mma 11.5 mpaka 12, mafuta owonjezerawo ntchito yawo ndi kuziziritsa mkati mwa silinda. Ndipo simungadziwe nambala imeneyi ndi khutu kapena ndi mphuno. Sensa ya oxygen ya ku fakitale yakale ija imangodziwa kuti muli pamwamba kapena pansi pa 14.7, sinena kuti ndi patali bwanji. Chofunika ndi wideband, sensa ya oxygen yonena nambala yeniyeniyo, yokhala ndi geji yake, zambiri zimagwiritsa sensa ya Bosch LSU 4.9. Pa zinthu zonse za ntchito imeneyi, ichi chokha ndi chimene ndimati gulani chatsopano, ndipo mugule musanagule tebo. Ngati ndalama ya wideband palibe ndiye kuti nthawi ya tebo siinakwane, ndikunena izi ndi mtima wonse.

Mainjekita a ku fakitale nthawi zambiri amakhala atatsala pang'ono kufika pamapeto, ndipo safunika kutseguka kupitirira 80 kapena 85 peresenti ya nthawi. Pa mahosipawa 120 ndi masilinda anayi mukufuna a 240cc pa mphindi kapena okulirapo, ndipo awa ku sikirapu aliko, mmainjini a 1.8 ndi 2.0. Ayezeni ndi mita, ena ali ndi ma ohm 12 kupita mmwamba, ena 2 kapena 3, mukaika a ma ohm ochepa pa kompyuta yoyembekeza ambiri mumaiwotcha. Koma mukangoika akuluakulu pa kompyuta yakale galimoto imamira mmafuta pa aidulo. Palinso nkhani ya puresha, injekita imalavula molimbana ndi mpweya wa mu manifodi yolowetsa mpweya, ndiye ngati mafuta ali pa 3 bar ndipo busiti ndi 0.5, yatsala 2.5 yokha, pokhapokha regyuleta ili ndi kapaipi kochokera ku manifodi koti puresha ya mafuta izikwera limodzi ndi busiti. Magalimoto atsopanoko ambiri alibe paipi yobwezera mafuta ku thanki ndipo regyuleta ili mu thanki momwemo, apo pamafunika kusintha. Pampu ya mafuta yotopa nayo imagonja nthawi yomwe ikufunika kwambiri.

Njira yachidule imene ena amatsata ndi regyuleta yokweza puresha ya mafuta mowirikiza busiti ikamabwera, kapena injekita yachisanu yotseguka ndi siwichi. Zimayendako pa busiti yochepa koma nzongoyerekeza, ndipo sizikhudza taiming'i. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kompyuta yoti mutha kuilamula nokha. MegaSquirt ya Bruce Bowling ndi Al Grippo inayamba ngati chinthu chodzilumikizira wekha, ndipo Speeduino imayenda pa Arduino Mega 2560, zonse mumazikonza pa laputopu ndi pulogalamu ya TunerStudio ndipo zimawerenga busiti ndi sensa yofika 2.5 bar kuphatikizapo 1 bar ya mlengalenga ija. Mawaya ake amatenga masiku, sindinama, koma mukamaliza mafuta ndi moto zonse zili mmanja mwanu.

Taiming'i ndi theka lina la nkhani. Mpweya wothinana umapsa msanga, ndiye pulagi iyenera kuyatsa mochedwerako kusiyana ndi kale. Poyambira anthu ambiri amabweza digiri imodzi pa psi iliyonse ya busiti, kenako nkumasintha pomvetsera injini. Kumvetserako pali chida chake chodzipangira, kapaipi ka kopa kophwanyidwa kumapeto nkumangidwa ndi bawuti pa buloko, hosi yochokera pamenepo kulowa mu zotsekera makutu zija, kugogoda kumamveka bwinobwino ngati kuthetheka kwakuthwa kusanayambe kumveka ndi khutu lamba. Thirani petulo wa octane yokwera amene mungamupeze. Mapulagi akhale ozizirirapo sitepe imodzi, mpata wake muchepetse kufika cha pa 0.7mm chifukwa moto umavutika kudumpha mu mpweya wothinana. Ena amaika magasiketi awiri kuti atsitse kompuresheni, ine sindizikonda, mumawonjezera malo ophulikira ndi kusokoneza kayakidwe, bola busiti yochepa yokonzedwa bwino. Ngati injini mwaitsegula kale, kulitsaniko mpata wa kumapeto kwa maring'i, chifukwa akatentha amatalika, nsonga zikagundana amakakamira nkuthyola pisitoni pamalo pomwe paja.

A kabuleta nanunso zimatheka. Mutha kuika kabuleta kutsogolo kwa tebo kuti izikoka mpweya wosakanizika kale ndi mafuta, koma apo intercooler musaike chifukwa mwadzaza chitini chonse ndi zinthu zoyaka, ndipo tebo wamba imayamwa oyilo wake chifukwa cha vakyumu. Kapena tebo iziuzira mu kabuleta, apo puresha ya mafuta iyenera kukhala pamwamba pa busiti nthawi zonse, mbale ya fuloti imve busiti yomweyo, mabowo onse atsekedwe, majeti akulitsidwe, ndipo disitiributa iletsedwe kupititsa moto patsogolo kwambiri.

Pali timapaipi tiwiri timene anthu amaiwala. Manifodi yolowetsa mpweya imene kale inkangoyamwa tsopano ikuuzira, ndiye paipi yopita ku busita ya mabuleki iyenera kukhala ndi valavu yolola mbali imodzi yogwira bwino, iyeseni pouzira ndi pakamwa. Chimodzimodzi paipi ya PCV yopumira injini, busiti ikalowa mmenemo imapopa sampu, oyilo nkuyamba kutuluka mmasiilo ndi pa dipisitiki, ndipo oyilo wa mu tebo amalephera kutsika. Kilatchi nayo mwina iyamba kuterereka mu giya yachinayi, redieta ikhale yoyera, mabuleki ndi matayala zikhale zoti zitha kuimitsa liwiro latsopanolo, ndipo a inshuwalansi ndi oyeza magalimoto mmayiko ambiri amafuna kudziwitsidwa injini ikasinthidwa chonchi.

Tsiku loyamba musayende nokha. Lizani, isiyeni itenthe, gwadani muyang'ane pansi ngati oyilo akudontha, gwirani paipi yobwerera mumve ngati yafunda. Yendani kaye osalowa mu busiti mpaka aidulo ndi kuyenda wamba zikhazikike. Kenako pamsewu wautali wopanda anthu, mnzanu ali ndi laputopu pamiyendo, maso pa wideband, zomvetsera zija kumakutu, ikani giya yachitatu pa 2000 rpm nkuponda pang'onopang'ono. Singano ikangodutsa ziro kulowa mu busiti nambala iyenera kutsikira ku 12. Ikaonetsa 13 kapena kukwera, kapena mnzanuyo akamva kuthetheka olo kamodzi, chotsani phazi nthawi yomweyo, imani, wonjezerani mafuta pamalo amenewo, bwezani moto madigiri awiri, yambiraninso. Ulendo uliwonse muzingowonjezera 500 rpm. Mukabwerera isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse kuti oyilo asapsere pa shafuti, ikazizira masulani mapulagi onse anayi muwaike mundandanda mmene anachokera, muwaunike bwino. Chadothi choyera chija chikakhala ndi timadontho takuda ngati tsabola kapena tonyezimira ngati siliva, imeneyo ndi aluminiyamu ya pisitoni, silinda imeneyo ikugogoda ndipo taiming'i ibwererenso mmbuyo musanatulukenso.